Funso Lomwe Tinkafunsana Moseka

Ine ndili ndi pakamwa, komanso mtima wanga ndi wapachala. Ndinachoka nazo kwathu ku Ntcheu zimenezi, ndipo ngakhale kuzizira kwa Mzuzu sikunazithe. Ndanena poyambirira kuti musadabwe ndi momwe ndinachitira pa tsiku limene ndikufuna kusimbali.

Tinali m'chaka chachinayi cha maphunziro a udokotala pomwe anatitumiza ku Mzuzu kukaphunzirira m'mawodi. Ine ndi mnzanga wina tinapeza chipinda ku Luwinga, kuseri kwa nyumba ya mayi ena omwe ankagulitsa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama, pamsewu. Munali mabedi awiri, mbaula, ndi msomali kuseri kwa chitseko pomwe tinkakolekapo magawuni athu oyera. Mnzangayo anali wa ku Rumphi, wamfupi, wofatsa, mutu wakuthwa moti nthawi zina ndinkamupsera mtima popanda chifukwa. Tsamba lomwe ine ndinkalimbana nalo mpaka mutu kuwawa, iye ankangoliyang'ana n'kutembenuza. Ankanditchula kuti "iwe wa ku Ntcheu", ine n'kumamuti "adona".

Kwawo anali atayamba kale kumutchula kuti adokotala. Bambo ake akaimba foni ndinkamva Chitumbuka chawo ndili pabedi langa: "Adokotala, mwawuka uli?" Iye n'kuyankha, "Nili makola, adada." Tsiku lina anayankha chomwecho akunjenjemera ndi malungo, mano akugundana. Nditamufunsa chifukwa chonamira, anati, "Iwe, dokotala n'kudwala? Mudzi wonse ungaseke."

Nthawi imeneyo tinali pa gawo la matenda a maganizo. Mayeso ake sanali olemba. Unkalowa m'chipinda n'kupeza munthu yemwe wauzidwa kuti achite ngati wodwala, mphunzitsi ali phee pakona, iwe n'kuyamba kufunsa. Ndiye pokonzekera tinkayeserera awiriawiri m'zipinda mwathu, wina dokotala, wina wodwala. Mafunso ake tinawaloweza ngati katekisimu. Mukugona bwanji? Mukudya? Zomwe zinkakusangalatsani zikukusangalatsanibe? Kumapeto kunali funso lomwe aphunzitsi ankatikalipira nalo tsiku ndi tsiku, kuti tizifunsa molunjika, osazungulira ngati tikufunsira mbeta. Funsolo linali lakuti, kodi mumaganiza zodzipha?

Abale inu, funso limeneli ndi lolemera pakamwa. Kwathu sitinakule tikufunsana zotere. Ndiye pothawa manyazi tinkalisandutsa nthabwala, ndipo pa nthabwalazo mnzanga anali katswiri. Munthu wofatsa uja akangomanga chitenje kumutu ankasanduka mayi wa kumsika yemwe mwamuna wake anapita ku Joni osabwerako. Ndikafika pa funso lomalizalo ankawomba m'manja: "Ine nifwe? Kuti mkazi mnzanga atenge mapoto anga? Yayi, adokotala, yayi!" Tinkaseka mpaka eni nyumba kumenya khoma.

Tisanafike pa gawo limeneli tinali ku wodi ya ana. Kumeneko mwana wina anamwalirira m'manja mwa mnzangayu. Anali yekha pabedipo kwa kanthawi, anamwino atatanganidwa ndi mwana wina, ndipo anachita zonse zomwe tinaphunzitsidwa, koma mwanayo anapitabe. Mayi ake anagwira gawuni ya mnzanga akulira kuti, "Adokotala, mudzutseni," osaisiya. Madokotala akuluakulu atabwera ananena pamaso pa tonse kuti palibenso china chomwe munthu akanachita. Iye anangogwedeza mutu, kubwera kunyumba, kuchapa gawuniyo n'kuiyanika. Ndikamufunsa ankangoti, "Palije suzgo," kuti palibe vuto. Anayamba kudya mochepa, koma ndani mwa ife amene sanaonde chaka chimenecho? Tonse tinkayenda maso ali psuu.

Tsiku lomwe ndikufuna kusimba lija kunali kamvula kaja ka ku Mzuzu, kosadziwika ngati kakugwa kapena kangoima m'mwamba. Mayeso anali mawa lake, choncho gulu lathu analipatsa tsiku lowerenga. M'mawa, ndikudandaula za kuzizira monga mwa nthawi zonse, mnzanga anatulutsa juzi yake yofiira, yomwe sankalola ngakhale kuti ndiikhudze, n'kundiponyera.

"Tenga, ndi yako."

Ndinaivala msangamsanga asanasinthe maganizo. Kenaka anati, "Tiye tiyeserere komaliza. Ine ndikhala wodwala."

Anakhala pabedi lake, manja pamaondo. Chitenje sanamange.

"Lero ndiwe ndani?" ndinamufunsa. "Mayi wa mapoto uja?"

"Ingofunsa, iwe."

Ndinakhosomola mwaudokotala. "Mayi, mukugona bwanji masiku ano?"

"Sindigona. Ndimangotseka maso kuti yemwe ndimakhala naye asadziwe."

Ndinaseka pang'ono, poganiza kuti nthabwala ikubwera. "Nanga chakudya?"

"Chimangomveka ngati ndikutafuna pepala."

"Zinayamba liti zimenezi?"

"Kuyambira tsiku lomwe mayi wina anandigwira chovala."

Kuseka kunandithera pomwepo. Mawu amenewo sanali a mayi wa kumsika, anali ake enieni, omwe ankandifunsira nawo ngati mchere ulipo. Juzi ija inayamba kundiyabwa m'khosi, chifukwa ndinakumbukira kuti m'kalasi ndine ndemwe ndinaimika mkono n'kuyankha kuti munthu akayamba kugawa zinthu zomwe amazikonda kwambiri, ndiye kuti pali choopsa.

Ndisaname, ndinafunitsitsa kunena kuti basi, takhoza, tiye tikagule mbalagha. Koma mafunso oloweza amadziyendera okha, ndipo lotsatira ndinkalidziwa. Ndinasiya zoti mayi mayi zija.

"Kodi ukuganiza zodzipha?"

Anandiyang'ana m'maso n'kuvomera. "Enya."

"Wakonza kale momwe uchitire?"

"Ndinakonza. Ndikungodikira mayeso adutse kaye, kuti ndisakusokoneze."

Ponena zimenezi maso ake anathawira kuchitseko, pomwe panali magawuni, n'kubwerera msanga. Kenaka anaphulika kuseka, kuseka kouma, akudzimenya pantchafu. "Ndakhoza eti? Taona nkhope yako! Iwe wa ku Ntcheu, mawa ukachita mantha choncho ukalakwa!"

Ndinadumpha n'kukafika pamsomali paja iye asanadzuke. M'thumba la gawuni yake munali kanthu kokulunga mu pulasitiki, ndipo zala zanga zinadziwa zokha kuti ndi mankhwala. Sindinatsegule. Ndinangoipinda gawuniyo n'kuikumbatira pachifuwa.

"Bweretsa gawuni yanga!"

Aka kanali koyamba kumumva akukuwa. Anandilumphira, kamunthu kochepa kaja, n'kugwira mkono wa gawuni, ndipo tinakokanakokana mpaka ndowa ya madzi inagwa. Zonse zomwe anatiphunzitsa, zoti uzilankhula mofatsa, usamuweruze munthu, usakweze mawu, zinauluka m'mutu mwanga.

"Wapenga kodi?" ndinakuwa, ine wophunzira wa matenda a maganizo, mayeso ali mawa. "Iwe ufe, ine ndikawauze chiyani adada ako? Kuti ndinali pabedi linali ndikuwerenga? Kuti unandisiyira juzi? Asa! Juzi yako ndikufuna ine?"

Khoma linagunda. Anali eni nyumba. "Ŵana imwe, ni vichi? Mukulimbirana mwamuna?"

"Yayi, mama, tikuyeserera mayeso!" anayankha mnzanga ndi mawu okoma, aulemu, ngati palibe chachitika.

Chimenechi n'chimene chinandiopsa kuposa zonse, momwe mawu aja anabwererera mosavuta. Ndinazindikira kuti munthuyu akhoza kunamiza aliyense, ndipo wakhala akutero ndili naye chipinda chimodzi. Eni nyumba anaseka n'kubwerera ku mapoto awo.

Mnzanga anasiya gawuni ija n'kukhala pansi, pamadzi omwe anatayikawo. "Navuka, iwe wa ku Ntcheu," anatero motsitsa, kutanthauza kuti watopa. "Navuka chomene. Ndikangotseka maso ndimamva dzanja la mayi uja likundikoka."

Ndinakhala pambali pake, gawuni ndili nayo ndithu. Ndinamuuza kuti ndamva, kuti sindimusiya, ndipo kuti tikupita kwa a sisita. A sisitawo anali namwino wamkulu wa ku kiliniki ya matenda a maganizo, phungu wa odwala komanso wa ife ophunzira, ngakhale sindinamvepo kuti wina mwa ife anapitako.

Chifukwa chake mnzanga anachinena yekha. "Lero ku kiliniki kuli gulu lina la kalasi yathu. Ndi amene akulandira odwala pakhomo. Ukufuna ndikakhale pabenchi, anzathu andifunse ngati ndimamva mawu m'mutu? Ndipo a sisita omwewo ndi amene akutiyesa mawa. Akandichotsa sukulu. Ndani angalole munthu wotere kugwiranso mwana wa mwini? Nanga adada?"

"Sakuchotsa."

"Ukudziwa bwanji?"

Sindinkadziwa. Zimenezo palibe anatiphunzitsa. Tinkadziwa chochita ndi wodwala wa mtundu uliwonse kupatula wovala gawuni.

"Lonjeza kuti suuza munthu," anatero.

"Sindilonjeza. Zimenezo sitilonjeza wodwala, ndipo ndiwe wemwe unandilowezetsa dzana."

Ndinayesa kuimbira a sisita. Foni inangoitana mpaka kuduka, poti anali pantchito. Kumusiya yekha kuti ndikawatenge sikukanatheka. Mkodzo unali utandigwira, koma ngakhale kuchimbudzi sindinapite. Mapeto ake ndinabwerera ku zomwe ndimadziwa.

"Tamvera, adona. Kaya tipita awiri ndi miyendo yathu, mwaulemu, kaya ndiitana mama ndi onse ogula mbalagha adzandithandize kukunyamula. Pakamwa panga umapadziwa."

Ankapadziwadi. Anandiyang'ana ndi chidani chomwe sindinachionepo pankhope pake, kenaka anasintha siketi yonyowayo n'kuvala nsapato pang'onopang'ono, ngati nkhalamba.

Pamsewu anyamata a kabaza anatithamangira. "Asisi, tiyeni! Adokotala, kwerani iyi!" Mnzanga anali atayamba kale kulunjika pa njinga ina. Ndinamukoka. Pa kabaza aliyense amakwera yake, ndipo akanangouza womupalasayo kuti akhote, ine n'kutsala ndikukuwa pamsewu. Tinadikira minibasi. Malole akuluakulu opita kumpoto ankadutsa akutiwaza madzi, ndipo lililonse likamayandikira ndinkaima pakati pa iye ndi msewu. Minibasi inachedwa ngati yachita kutumidwa.

Titakwera ndinamulowetsa kuwindo, ine n'kutseka njira. Gawuni inali pamiyendo panga, dzanja langa lili pamkono pake. Mwachizolowezi zala zanga zinapeza mtsempha, ndipo mtima wake unkathamanga kwambiri pomwe nkhope inali zii. Bambo wina wa kumbuyo ataona gawuniyo anayamba kutifotokozera za bondo lake lomwe limatupa kukazizira. Mukhulupirire, mnzanga anatembenuka n'kumufunsa mafunso mwaulemu, n'kumulangiza kuti apite akapimidwe. "Yewo chomene, adokotala," anatero bamboyo potsika. Ine misozi inali pafupi.

Ku kiliniki kunali makomo awiri. Lakumbali ndi lomwe tinkalowera ife a magawuni, osagogoda n'komwe. Lakutsogolo linali la odwala, ndipo pakhonde pake panali mabenchi odzaza ndi anthu atafunda zitenje, ena ndi owaperekeza. Miyendo ya mnzanga inalunjika yokha kukhomo lakumbali. Sindinamuletse. Koma tisanafike panatuluka mnyamata wina wa m'kalasi mwathu, wanthabwala kwambiri, chopimira pachifuwa chili lendelende m'khosi.

"Aaa, akuluakulu! Mwabwera kudzaba mafunso a mawa eti?"

"Watigwira," anatero mnzanga akumwetulira. "Timafuna tifunse kenakake kochepa, koma ngati atanganidwa tibweranso." Anandifinya dzanja n'kundinong'oneza, "Chonde, tiye tibwerere. Tibwera mayeso akatha. Ndalonjeza."

Mayeso akatha. Mawu omwe aja.

"Iwe," ndinamuuza mnyamatayo, "kaitane a sisita. Pompano. Ukatero upite ukamwe tiyi, ndipo ndikadzamva kanthu pagulu lathu la pa foni, udzandidziwa."

Anatsegula pakamwa kuti aseke, koma atayang'ana nkhope yanga, n'kuyang'ananso gawuni yomwe ndinaikumbatira, anatseka. Analowa mothamanga.

A sisita anatuluka akupukuta m'manja. Anali mayi ojintcha, osakonda kuseka, omwe tonse tinkawaopa. Anatiyang'ana kamodzi kokha. Anauza ophunzira omwe anali m'chipinda chawo kuti akathandize kuyeza odwala pakhonde, anatilowetsa, n'kutseka chitseko. M'chipindamo munali tebulo, mpando wawo, ndi mpando wina wapulasitiki womwe ankakhalapo odwala. Ife ophunzira nthawi zonse tinkaima kukhoma, ndipo ndi komwe tinakaima, tonse awiri.

"Ndikumva," anatero a sisita.

Mawu anali atadzaza kale m'kamwa mwanga. Ndinali nditatsimikiza kuti mnzanga akangonamizira za mayeso, ine ndiulula zonse, andide moyo wake wonse. Koma ndinaluma lilime, chinthu chomwe sindichita kawirikawiri, n'kumudikira.

Mnzanga anaika manja kumbuyo, anawongola msana, n'kuyamba kulankhula momwe tinkachitira pofotokozera madokotala za odwala m'mawodi.

"Sisita, tili ndi wodwala wamkazi, wachitsikana, wosakwatiwa. Wakhala asakugona, asakudya bwino, ndipo palibe chomwe chikumusangalatsa. Zinayamba mwana atamwalira ali m'manja mwake. Amadziimba mlandu. Amaganiza zodzipha, ndipo anakonza kale njira ndi nthawi yake."

Sanaphonye kanthu. Anafotokoza mwadongosolo, mawu osagwedera, moti akanakhala mayeso akanakhoza kuposa tonse. A sisita sanamudule. Atamaliza anamufunsa mofatsa, "Ndiye mukuganiza kuti timuthandize bwanji wodwalayu?"

"Asasiyidwe yekha. Zomwe angadzipwetekere nazo zichotsedwe. Ayambe uphungu lero lomwe, aonedwe ndi dokotala za mankhwala, ndipo abale ake adziwitsidwe."

"Achira?"

Apa mawu ake anagwedera koyamba. "Ambiri amachira, sisita."

"Amachiradi. Ena ndinawaona ndi maso angawa akubwerera kusukulu, lero akugwira ntchito." A sisita anatambasula dzanja kwa ine osandiyang'ana, ndipo ndinawapatsa gawuni ija. Anapisa m'thumba, anachotsa kaphukusi kaja n'kukatsekera m'kabati, gawuniyo n'kundibwezera. Kenaka anakankhira mpando wapulasitiki uja patsogolo pang'ono. "Mwafotokoza bwino, mwana wanga. Koma ine sindingathandize munthu yemwe sindinamuone. Wodwalayo ali kuti?"

Panja wina ankaitana dzina la wodwala, kamvula kakugwera pamalata. Mnzanga anayang'ana mpandowo nthawi yaitali. Unali pafupi, koma ine ndinaona kuti akhoza kutembenuka n'kutuluka, ndipo ndinali nditasendera kale kuchitseko. Manja ake anachoka kumbuyo. Anayenda, anakhala pampandopo, n'kugwira m'mphepete mwake ndi manja onse awiri.

"Ndine, mama," anatero. Atatero analira, kulira komwe sanalire tsiku la mwana uja.

A sisita anandikodola ndi mutu kuti ndituluke. Pakhonde ndinakhala pabenchi la odwala, pakati pa agogo ena aamuna ndi mayi wina woyamwitsa, gawuni ili pamiyendo. Mnyamata wa m'kalasi uja anandibweretsera tiyi, ndipo mpaka lero sindinamvepo kuti anauza munthu.

Mayeso a mawa lake mnzanga sanalowe nafe. Ine ndinalowa, ndipo nditafika pa funso lija ndinalifunsa mopanda kuseka, mopanda kuzungulira, mpaka wochita ngati wodwalayo anadzidzimuka. Bambo a mnzanga anabwera kuchokera ku Rumphi atavala jekete la kutchalitchi. Zomwe a sisita anakambirana nawo sindikuzidziwa, koma potuluka ndinawamva akumuitana kuti "mwana wane", osati adokotala. Anapita naye kumudzi, azibwera ku uphungu masiku omwe anapangana. Ponyamula katundu wake m'chipinda chathu sanandilankhule, sanandiyang'ane n'komwe. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinalira mokwiya minibasi yawo itanyamuka. Gawuni anaisiya pamsomali.

Miyezi inadutsa osamva mawu ake. Ndikaimba sankayankha, ndinkangomva kwa bambo ake kuti aliko, akudya. Eni nyumba anandifunsa kangapo ngati angalowetse wina m'chipindamo, ine n'kumawazengereza. Gawuni ija ndinaichapa, ndinaisita, n'kuikolekanso pomwepo. M'mawa uliwonse ndinkaichotsa kuti nditenge yanga, n'kuibwezera.

Masana ena, nyengo yotentha itayamba, ndinali pakhomo ndikuchapa pomwe ndinamva eni nyumba akukuwa kumsewu, "Monire, monire! Mwawerako?" Ndisanadzuke, mthunzi unaima patsogolo pa beseni langa. Anali atanenepa pang'ono, chikwama chili paphewa.

"Iwe wa ku Ntcheu," anatero, "Lolemba ndikuyamba ku wodi ya ana. Gawuni yanga ili kuti?"

Ndinalowa m'nyumba manja ali thovu lokhalokha, n'kukaichotsa pamsomali.